Funsani Katswiri: Power supply inkaonetsa mavoti oyenera, nanga bolodi lapsa bwanji?

Funso: Ndimakonza mafoni ndi mawailesi. Ndinalumikiza bolodi la foni ya kasitomala ku power supply ya patebulo (makina opereka magetsi poyesa zipangizo), galasi likuonetsa mavoti 4.2, koma posakhalitsa kachipangizo kena ka pabolodipo kanatentha mpaka kufuka utsi. Fyuzi ya multimeter yanga nayonso inapsa, ndipo mnzanga akuti ndingomangapo kawaya. Kodi makina amenewa sadziteteza okha? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Bambo, manambala a pagalasi amangonena zimene zikuchitika, koma sazimitsa kanthu. Chimene chimateteza bolodi ndi malire amene inuyo mwaika musanalumikize, ndipo zikuoneka kuti munasamala mavoti okha, malire a ma amp mutawasiya otsekula.

Mavoti 4.2 anali oyenera ndithu, chifukwa batire ya lithium ikadzaza imafika pamenepo. Vuto limabwera ngati bolodi lili ndi shoti, kutanthauza kuti magetsi apeza njira yachidule, kawirikawiri pa kapasita yomwe yafa. Power supply yotha kutulutsa ma amp 5 imakankhira onsewo pamalo ofookawo, ndipo ngakhale mavoti atatsika kufika pa 1, ndiye kuti mawati 5 akuthera m'kachipangizo kochepa ngati kanjere ka mpunga. Utsi munauonawo unachokera pamenepo.

Chitani chonchi. Bolodi lisanalumikizidwe, ikani mavoti, tsitsani kabatani ka ma amp mpaka pansi, gunditsani mawaya awiri a power supply, kenako kwezani pang'onopang'ono mpaka galasi lionetse ma amp 0.5, ndipo muwalekanitse. Mukalumikiza bolodi, yang'anani timagetsi tiwiri tolembedwa CV (mavoti ali pamene munaika) ndi CC (ma amp afika pa malire). Foni yabwino yomwe ili yozima siikoka pafupifupi kalikonse mpaka mutadina batani loyatsira, choncho CV ndiyo iyenera kuyaka. CC ikayaka nthawi yomweyo, mavoti n'kugwa, dziwani kuti pali shoti ndipo chotsani waya msanga. Mukatsimikiza kuti shoti palibe, kwezani malirewo, popeza foni ikamayaka imafuna amp imodzi kapena kupitirirapo. Makina ena ali ndi OCP, yomwe m'malo mongochepetsa imadula magetsi onse malire akapyoledwa, ndipo pa ntchito ya mafoni ine ndimaiona kuti ndi yabwino koposa.

Power supply nayonso imatha kufa moipa. Mu zija za thiransifoma yolemera, thiransisita yowongolera ikapsa n'kukhala shoti, mavoti onse a m'kati, amene angapitirire 30, amatulukira ku bolodi lanu. Makina abwino amakhala ndi OVP, chitetezo choletsa mavoti kupyola malire, ndipo ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa SCR komwe kamapanga dala shoti potulukira magetsi kuti fyuzi ipse bolodi lisanawonongeke. Otsika mtengo ambiri alibe zimenezi, n'chifukwa chake ndi bwino kuyeza potulukirapo ndi multimeter nthawi ndi nthawi m'malo mongokhulupirira galasi.

Za kawaya, musayerekeze n'komwe. Multimeter ikakhala poyezera ma amp imakhala ngati shoti, ndipo tsiku lina mudzaiwala waya wofiira pabowo la A n'kuyeza soketi ya mavoti 230. Fyuzi yeniyeni ndi ya seramiki yodzaza mchenga umene umazimitsa moto wa magetsi m'kati momwemo, pamene kawaya, ngakhalenso fyuzi wamba yagalasi, imatha kuphulitsa mita ili m'manja mwanu. Mwachitsanzo, Fluke 87V imagwiritsa ntchito mafyuzi a 440 mA ndi 11 A, onse a mavoti 1000. Gulani fyuzi yofanana ndendende ndi imene yalembedwa pa mita yanu, ndipo onaninso chizindikiro cha CAT cha muyezo wa IEC 61010, chosonyeza malo amene mita ingagwiritsidwe ntchito mosaopsa: CAT II imakwanira pa soketi, koma pa bokosi logawira magetsi m'nyumba pamafunika CAT III.