Bambo anga ali ndi nyamakazi m'zala: ndi mfuti iti ingawayenere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa m'boma la Indiana ku America. Bambo awo ali ndi zaka 71, ali ndi green card (chiphaso chokhalira ku America mokhazikika), amakhala okha, ndipo akufuna mfuti yoti aziyenda nayo mobisa. Vuto ndi nyamakazi. Zala zinafooka moti ngakhale botolo la jamu amachita kupempha mdzukulu kuti awatsegulire. Wogulitsa wina anawalangiza kuti atenge kamfuti kakang'ono kopepuka, ndiye mayiwa akufunsa ngati malangizowo ndi olondola.

Mayi, pamenepo ndikukana. Kamfuti kopepuka ndiko kamazunza dzanja lofooka. Chipolopolo chikamatuluka mfuti imakankha chakumbuyo, ndipo ikakhala yopanda thupi mphamvu yonseyo imathera m'chikhatho. Mwachitsanzo, kamfuti ka Ruger LCP kamalemera magalamu pafupifupi 270. Mfutiyi m'thumba imalowa bwino, koma ineyo, wa manja abwinobwino, ndikawombera nayo kwa kanthawi ndimayamba kupukusa dzanja. Slide yake, chitsulo chapamwamba chomwe mumakokera kumbuyo kuti chipolopolo chilowe mumpope, nayonso ndi yaing'ono, pogwira mpochepa, ndipo kuikokera kumbuyo kumafuna zala zolimba.

Ena adzakuuzani kuti revolver, mfuti yomwe zipolopolo zimakhala m'kagudumu kozungulira, ndiyo yankho poti ilibe slide. Nzoona ilibe, koma ntchito yonse imagwera chala chimodzi. Trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ya revolver ya Smith & Wesson 642 imafuna mphamvu yokwana makilogalamu 5 kapena kuposerapo. Ya Ruger LCR ndi yofewerako, komabe chala cha nyamakazi chikayamba kunjenjemera pakati pa kukoka, chipolopolo chimapita kwina.

Ndikanakhala inu ndikanayamba kuwayesetsa Smith & Wesson M&P 380 Shield EZ, yomwe inatuluka mu 2018 poganizira anthu ngati bambo anuwa. Slide yake imabwerera mosavuta, imalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndiye siluma kwambiri, ndipo magazini ake (molongamo zipolopolo), olowa zipolopolo 8, ali ndi timabatani m'mbali tomwe mumatsitsa ndi chala polonga. Musachipepuse chimenechi: okalamba ambiri amagonja pa kulonga magazini, asanafike n'powombera pomwe. Chenjezo ndi limodzi. Kumbuyo kwa chogwirira kuli kachitsulo kotetezera komwe chikhatho chimayenera kukanikiza, apo ayi mfuti silira. Ngati bambo sagwira mothina, zimenezo zioneke asanalipire. Ruger Security-380 ndi Walther CCP nazonso zili ndi slide yofewa. Palinso Beretta Tomcat ya zipolopolo zazing'ono za .32 ACP, yomwe mpope wake umapendekera m'mwamba n'kuponyamo chipolopolo choyamba osakoka slide, ngakhale mphamvu yake ndi yocheperako.

Nthawi zina vuto silikhala mfuti koma kagwiridwe. M'malo mokoka slide ndi nsonga za zala ngati mukutsina, aiphimbe ndi chikhatho chonse chakumbuyo kwake, aibweretse pafupi ndi chifuwa, mpope ukuloza kotetezeka, kenako akankhire kutsogolo dzanja logwira mfuti. Mapewa ndiwo amagwira ntchito. Ndinaonapo agogo ena aakazi, omwe anali atataya kale mtima, akumwetulira slide itagonja koyamba. Mkono nawonso uzilimba powombera, chifukwa ukalobodoka mfuti za slide zimakanirira.

Chonde musawagulire ngati mphatso yowadzidzimutsa. Apite okha kumalo ophunzirira kuwombera komwe amabwereketsa mfuti, ndi mlangizi, makamaka tsiku lomwe zala zikuwawa. Alonge okha magazini, akoke slide, awombere, achotse zipolopolo. Pomwe apempha thandizo, mfuti imeneyo si yawo.

Za malamulo: kuyambira pa 1 July 2022, ku Indiana munthu wololedwa kukhala ndi mfuti atha kuyenda nayo popanda chiphaso. Koma ufuluwo umathera pamalire. M'boma loyandikana nalo la Illinois, komwe kuli mzinda wa Chicago, savomereza ziphaso za maboma ena, ndiye ulendo wa ku Chicago mfuti izitsala kunyumba. M'boma la Michigan amafuna chiphaso cha boma lomwe munthu amakhala, choncho ndi bwino atengebe cha Indiana.

Ndipo poti mwatchula mdzukulu uja wotsegula mabotolo, pa ndalama zomwe mwakonza muchotsepo za holster (chikwama cha mfuti) yolimba yophimba trigger yonse ndi kabokosi kachitsulo kokhoma. Kabokosiko nakonso bambo akayese kutsegula ndi zala zawo ali m'sitolo momwemo.