Chifukwa chake ndege zakunja sizingobwera mwachisawawa pa Chileka

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji tikiti ya ndege yochoka pa Chileka kupita ku Johannesburg ili yokwera mtengo chonchi, komanso bwanji boma osangogulitsa kampani yathu ya ndege kwa akunja a ndalama zawo, kapena kungoitana Emirates kuti izidzatinyamula. Ndaona ambiri pagulu pano akuyankha mokwiya, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Koma nkhaniyi ili ndi mizu yake, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Mlengalenga muli eni ake. M'chaka cha 1944 mayiko oposa 50 adakumana ku Chicago n'kugwirizana kuti dziko lililonse ndilo lolamulira thambo la pamwamba pake, ndipo pamenepo mpamene padabadwira bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO lomwe likulu lake lili ku Montreal. Kuyambira apo, ndege yamalonda singalowe m'dziko la eni popanda pangano la maboma awiriwo. Panganolo limanena mabwalo omwe ndege zingatere, nthawi zina kuchuluka kwa maulendo pa sabata, ndi kampani yomwe boma lililonse lasankha. Choncho Emirates sibwera chifukwa choti taikodola. Pamafunika pangano, komanso eni akewo aone kuti mipando idzadza.

Zilolezo zake zili m'magawo. Kudutsa pamwamba pa dziko lina ndi chilolezo choyamba, kutera kuti umwe mafuta ndi chachiwiri, kupititsa anthu kuchokera kwanu ndi chachitatu, kuwabweretsa kwanu ndi chachinayi. Pomwe pamakhala mkangano mpa chachisanu. Taganizani minibasi yonyamuka pa depoti ya Zomba ulendo wa ku Limbe. Ikafika pa Thondwe imatsitsa ena n'kukweza mayi wopita pa Namadzi, mpando wosakhalitsa wopanda munthu. Tsono tiyerekeze kuti lamulo likuti pa Thondwe uzingotsitsa, kukweza ayi. Mipando yopanda anthu ija adzailipira ndani? Ndi inu amene mwakwerera ku Zomba. Ndege ya ku Kenya ikachoka ku Nairobi n'kutera ku Lilongwe, kenako n'kupitirira ku Lusaka, imafunika chilolezo chachisanuchi kuti ikweze Mmalawi wopita ku Lusaka. Maboma ambiri mu Africa amachiumira chilolezochi poteteza kampani yawo. Chikaperekedwa chimagwira ntchito: Ethiopian Airlines imakweza anthu ku Lomé, m'dziko la Togo, kupita nawo ku New York.

Tsopano za kugulitsa kampani. M'mapangano ambiri muli mfundo yoti dziko linalo lingathe kukaniza kampani yomwe mwasankha ngati eni ake enieni ndi oiyendetsa sali nzika zanu. Air Malawi itatha mu 2013, kampani yatsopano idakhazikitsidwa boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 49. Manambalawa sadangogwa kumwamba. Tikadapereka zonse kwa a ku Ethiopia, dziko ngati South Africa likadatha kunena kuti iyi si ndege ya Malawi, ndi ya ku Addis Ababa yongopaka mbendera yathu, ndiye isagwiritse ntchito pangano la Malawi. Anzathu a ku Zambia adachitanso chimodzimodzi, Ethiopian ili ndi magawo 45 mu Zambia Airways. Ndipo musaganize kuti ndi ife osauka tokha. Ku America wakunja saloledwa kupitirira magawo 25 a mavoti m'kampani ya ndege, ku South Africa ndi 25 yomweyo, pomwe ku European Union magawo ochuluka ayenera kukhala m'manja mwa nzika za mayiko a m'bungwelo.

Ena mwatchula za ku America kuti ndege n'zotchipa chifukwa boma lidachotsamo dzanja. N'zoona ndithu. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lomasula msika wa ndege za m'dzikomo. Kale bungwe la boma lotchedwa Civil Aeronautics Board ndilo linkagawa njira ndi kuvomereza mitengo, ndipo pofika kumapeto a 1984 lidatsekedwa. Mitengo idatsika, anthu wamba adayamba kukwera ndege. Koma panalinso misozi. Kampani ya ndege ya Braniff idagwa mu 1982, za Eastern ndi Pan Am mu 1991, antchito ambirimbiri n'kukhala pansi, ndipo boma lidayenera kumathandiza ndi ndalama kuti matauni aang'ono asasowe ndege. Ku Ulaya adamaliza kutsegulirana mu 1997, n'chifukwa chake Ryanair ya ku Ireland imatha kunyamula anthu pakati pa mizinda iwiri ya ku Italy.

Ife ku Africa pamapepala tidagwirizana kalekale. Ku Yamoussoukro, m'dziko la Côte d'Ivoire, nduna zidalengeza cholinga mu 1988, n'kumanga mfundo mu 1999 zoti timasulirane mpaka chilolezo chachisanu chija. Mu Januwale 2018 African Union idakhazikitsa msika umodzi wa ndege ku Addis Ababa. Kusaina kudachitika, kuchita ndiko kukuyenda pang'onopang'ono, poti aliyense akuopa kuti kampani yake imezedwa ndi zazikulu.

Komabe ndisakunamizeni kuti kutsegula thambo kokha kungatsitse mtengo mawa. Okwera ndege muno ndi ochepa. Mafuta a ndege amayenda mtunda wautali kuchokera kumadoko a eni, poti tilibe nyanja yamchere. Kubwereka ndege, zipangizo zosinthira ndi inshulansi zonse zimalipiridwa m'madola, pomwe tikiti inu mumagula m'makwacha. Kampani yakunja ikagulitsa matikiti muno imafuna kusintha ndalamazo kuti izitumize kwawo, ndipo madola akasowa m'mabanki imachepetsa chidwi ndi msika wathu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa tikiti sukadakhala pomwe udali. Onjezaninso misonkho ndi zolipira za pabwalo zomwe zimabisala mkati mwa mtengo womwe mumauzidwa.

Maganizo anga ndi awa. Lamulo la magawo 51 lija lisiyeni kaye, silo likutipweteka kwambiri. Chomwe ndikufuna n'choti boma lisamawerengere phindu la kampani imodzi lokha likamakambirana mapanganowa. Liziwerengeranso mayi wa geni wa mumsika wa Zomba amene amakhala m'basi masiku awiri, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, miyendo itatupa, pasipoti ali nayo m'kachikwama ka pachifuwa, pomwe ndege ya ku Johannesburg ndi maola awiri ndi pang'ono. Liziwerengera mphunzitsi wa ku Chancellor woitanidwa kumsonkhano kumadzulo kwa Africa amene amayenera kuzungulira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Liziwerengera malo ogona alendo a paphiri la Zomba ndi ku Liwonde omwe zipinda zake zimagona zopanda anthu chifukwa mlendo waona kuti kufika kuno n'kodula kuposa kupita kwa anansi athu. M'zaka za m'ma 1970 Air Malawi inkafika ku London, ndipo ndikumvetsa akuluakulu amene amanyadira masiku amenewo. Koma kunyada sikudaipulumutse ku ngongole.

Pa chitetezo pokha ndiye boma lisafewe ngakhale pang'ono. Kumasula njira ndi mitengo n'kwina, kuyendera ndege ndi ziphaso za oyendetsa n'kwinanso, ndipo ku America komwe sadasiye kutero.

Poti pagulu pano pali ena amene mumacheza ndi aphungu athu, akadzabwera kumsonkhano wa kudera muwapemphe akafunse nduna yoona za mtengatenga m'Nyumba ya Malamulo kuti ndi makampani angati akunja amene adapempha kunyamula anthu kuchokera pa Chileka kapena pa Kamuzu kupita kumayiko oyandikana nafe, ndipo adayankhidwa chiyani.