Wamaliza chilango, nanga akusungidwiranji m'ndende?

Mayi wina wa ku Chawama wandilembera imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhe poyera popanda kutchula dzina lake. Nkhani yake ndi iyi. Mlamu wake, mnyamata wa ku Mchinji, anabwera ku Lusaka n'kupeza ntchito ya zomangamanga. Masiku omwe anamudindira mu pasipoti anatha iye osakawonjezera, kenako anagwidwa pa chipikisheni. Khoti linagamula kuti alipire faindi kapena akakhale kundende. Ndalama zinasowa, anakagwira ukaidi mpaka kumaliza, koma mpaka lero akadali m'kati, akuti akudikira kubwezedwa kwawo. Mayiwa akufunsa kuti: "Bambo a kunyumba akuti tisadzivute, munthu wokhala m'dziko la eni popanda mapepala alibe chonena. Kodi n'zoona kuti alibe ufulu uliwonse?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Bambo akulondola pa chinthu chimodzi. Boma la Zambia lili ndi mphamvu zonse zouza mlendo kuti achoke. Mphamvuzi zinalembedwa mu lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010. Mmalawi safunika viza polowa muno, koma mlendo wongocheza sapitirira masiku 90 pa chaka, ndipo saloledwa kugwira ntchito popanda chilolezo. Alamu anu analakwira lamulo, khoti linaweruza, ndipo palibe loya woona amene angakulonjezeni kuti sabwezedwa.

Pomwe ndikusiyana ndi bambo ndi pa mawu oti "alibe chonena". Gawo la ufulu wa anthu mu malamulo aakulu a dziko lino limakamba za munthu aliyense, osati nzika yokha. Wogwidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva. Sayenera kuzunzidwa kapena kusungidwa monyazitsa umunthu wake. Pasipoti yotha masiku simachotsa zimenezi.

Chomwe chikundiwawa kwambiri pa nkhani yanu n'chakuti alamu anu akulangidwa kawiri, ndipo chilango chachiwirichi sanapereke ndi woweruza. Chilango cha khoti chimakhala ndi tsiku lothera. Mkaidi amawerenga miyezi, mkazi wake amadziwa kuti pofika nthawi yokolola adzakhala atatuluka. Kudikira kubwezedwa kulibe tsiku. Munthu amangouzidwa kuti galimoto ikapezeka, kapena mafuta akapezeka, kapena chikalata choyendera chikabwera kuchokera ku ofesi ya kazembe, kapena anzake obwezedwa akachuluka mokwana ulendo umodzi. Zifukwa zonsezi ndi za ndalama ndi mapepala, palibe chomwe chili mlandu wa womangidwayo. Tangoganizani, kuchokera ku Lusaka kufika pa chipata cha Mwami ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi ya ku Chipata. Munthu n'kutha miyezi m'ndende chifukwa cha ulendo wa tsiku limodzi! Nanga wa ku Ethiopia kapena Somalia, amene amafunika tikiti ya ndege ndipo alibe m'bale aliyense muno womubweretsera ngakhale sopo, adikira mpaka liti?

Vutoli silinayambe dzulo. Pakati pa 2009 ndi 2010 bungwe la Human Rights Watch pamodzi ndi mabungwe ena oona za ufulu wa anthu a PRISCCA ndi ARASA anayendera ndende za m'Zambia n'kulemba zomwe anaona. Anapeza kuti anthu ogwidwa pa nkhani za mapepala amasungidwa limodzi ndi akaidi ogamulidwa milandu ikuluikulu, m'zipinda zothithikana momwe chifuwa chachikulu chimafala mosavuta. Aliyense amene anapitako kukaona m'bale ku ndende ya Chimbokaila kapena ya Kamwala Remand akudziwa kuti kuthithikana ndi nkhani yeniyeni. Mlandu wa mapepala si kupha, si kuba. Kusakaniza anthu otere ndi achifwamba n'kuwaonjezera chilango chomwe lamulo silinalembe.

Anzathu a ku South Africa, komwe abale athu ambiri amagwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela pafupi ndi Krugersdorp, anakangana za nkhani yomweyi mpaka ku khoti lawo lalikulu loona za malamulo a dziko. Mu 2017 khotilo linagamula kuti munthu wogwidwa kuti abwezedwe ayenera kuonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, ndipo lamulo lawo limaletsa kumusunga kupitirira masiku 120. Sindikunena kuti kumeneko zimatsatidwa bwino, madandaulo a ku Lindela timawamva chaka ndi chaka. Koma pali malire olembedwa omwe loya angaloze. Ife tikamva kuti mwana wathu wakhalitsa ku Lindela timakwiya, ndipo timayenera kukwiya. Mkwiyo womwewo uzitigwiranso akakhala Mrundi kapena Mkongo amene wakhalitsa m'ndende ya kwathu kuno.

Ku Malawi nakonso manja si oyera. Mu May 2023 boma linasonkhanitsa othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni, ena n'kuwasunga kaye ku ndende ya Maula ku Lilongwe, ana omwe, asanawapititse ku Dzaleka ku Dowa, msasa womwe unali utadzaza kale ndi anthu oposa 50,000.

Tsopano ndikufuna bambo amve mbali iyi, chifukwa ikukhudza ife a kum'mawa kuposa wina aliyense. Mu 1994 boma la Zambia linathamangitsira ku Malawi andale awiri a chipani cha UNIP, a William Banda ndi a John Chinula, ponena kuti sanali nzika. A Chinula anamwalirira komweko. Mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe likulu lake lili ku Banjul, linapeza kuti Zambia inaphwanya pangano la ufulu wa anthu a mu Africa powachotsa motero. Chaka chomwecho khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti a Kenneth Kaunda, amene analamulira dziko lino kwa zaka 27, sanali nzika ya Zambia, nkhani yake kukhala yoti makolo awo anachokera ku Nyasaland. Ngati zinatheka kwa a Kaunda, n'chiyani chingateteze Phiri wa ku Vubwi kapena Mwale wa ku Chadiza amene anataya NRC yake, chitupa cha unzika, ndipo agogo ake anabadwira tsidya lina la malire? Mayina athu ndi amodzi, chilankhulo n'chimodzi, ku Kulamba ku Mkaika timakagwada limodzi pamaso pa Kalonga Gawa Undi kuchokera m'mayiko atatu. Pa chipikisheni wapolisi sangasiyanitse ndi maso. Chomwe chimapulumutsa nzika yogwidwa molakwika ndi chomwecho chimene ndikupemphera alamu anu, kuti pakhale woweruza womva munthu aliyense payekha.

Bungwe la ku Banjul lomweli linadzudzulanso Zambia pa zomwe zinachitika mu February 1992, pomwe anthu 517 a kumadzulo kwa Africa anathamangitsidwa pagulu, ambiri atasungidwa kaye osapatsidwa mpata wokadandaula ku khoti. Pangano la Africa limaletsa kuthamangitsa anthu mwachigulu potengera dziko kapena mtundu wawo.

Ndikudziwa zomwe ena anena, kuti ntchito n'zochepa, kuti malire akapanda kulondera dziko likhala la aliyense. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma onani amene amagwidwa ndi amene sagwidwa. Mu December 2022 mitembo 27 ya amuna omwe ankaganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, kunja kwa Lusaka kuno. Miyezi iwiri izi zisanachitike, manda a anthu ambirimbiri otere anapezeka m'nkhalango ku Mzimba. Anyamatawa amadutsa m'mayiko mwathu atapanikizidwa m'makontena, ulendo wa ku South Africa, atalipira ndalama zambiri kwa owazembetsa. Opulumuka ndi amene amadzaza ndende, pomwe eni malondawo kawirikawiri amakhala patali. Zambia ili ndi lamulo la 2008 lothana ndi malonda ozembetsa anthu, ndipo cholinga chake china n'kuteteza ozunzidwa. Kumanga mnyamata wotsala pang'ono kufa m'kontena sikuthetsa malondawo.

Kwa owerenga ena, osati alamu anu: munthu wothawa nkhondo kapena chizunzo ali ndi chitetezo chapadera. Lamulo la Refugees Act la 2017 ndi pangano la mayiko la 1951 zimaletsa kumubwezera komwe moyo wake uli pachiswe. Wotere akagwidwa anene msanga kuti akupempha chitetezo, kuti nkhani yake ipite kwa Commissioner for Refugees, mkulu wa boma woona za othawa kwawo.

Nanga inu muchite chiyani? Poyamba, mukapita kukamuona funsani mwaulemu kuti akusungidwa pa chikalata chanji tsopano popeza chilango chinatha, ndipo chikuchedwetsa ulendo n'chiyani kwenikweni. Yankho lake ndi lomwe likuuzeni khomo logogoda. Ngati vuto ndi pasipoti, pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi muno mu Lusaka. Mlendo womangidwa ali ndi ufulu woti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe, ndipo ofesiyo imatha kupereka chikalata choyendera chapangozi. Ngati vuto ndi thiransipoti, funsani ku ofesi yeniyeni ya za olowa ndi otuluka ngati banja lingalipire ulendowo. Zimapweteka kulipira zomwe boma limayenera kuchita, koma mwina n'zotsika mtengo kuposa miyezi ina ya m'ndende. Ndalama iliyonse iperekedwe pa kauntala ndipo mulandire lisiti la boma. Anthu oima pa geti omwe amati "ndili ndi munthu m'kati" adzakudyerani ndalama, mwinanso kukuikani inuyo pa mlandu wa ziphuphu.

Mukaona kuti mukungozunguliridwa, kadandauleni ku Human Rights Commission, komwe salipiritsa, ndiponso ku Legal Aid Board. Loya atha kupempha khoti lalikulu kuti liitanitse womangidwayo ndi kufunsa boma chifukwa chomwe likumusungirabe. Pitani ndi pepala la chigamulo cha khoti, kapena nambala ya mlandu ndi tsiku lomwe chilango chinathera. Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a shuga, nenani zimenezo paliponse pomwe mwafika, chifukwa ndende ili ndi udindo woti asadukize.

Musaiwalenso bwana amene ankamugwiritsa ntchito. Kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo n'kulakwanso, ndipo ena amapezerapo mwayi wokana kulipira malipiro otsala munthu akagwidwa. Kafunseni ndalamazo muli ndi mboni, zingathandize pa ulendo.

Mwanenanso kuti alamu anu ali ndi mkazi ndi mwana kuno. Asananyamuke, funsitsani ngati alembedwa m'gulu la anthu oletsedwa kulowanso m'dziko, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati alembedwa, asayerekeze kubwerera kudzera njira zozemba za m'malire, chifukwa akagwidwa kachiwiri mlandu umakula. Loya wa ku Legal Aid angakuuzeni ngati pali njira yopemphera kuti chiletsocho chichotsedwe, ndiponso, ngati mkazi wakeyo ndi nzika ya Zambia, mtundu wa chilolezo chomwe angafunsire ali kwawo ku Mchinji.