Yankho kwa amalume pa za kutentha thupi kwa mwana

Amalume, uthenga wanu ndaumvera m'minibasi, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ndafika kunyumba kuno ku Chilenje kuti ndikuyankheni modekha. Mwafunsa kuti thupi la mdzukulu wanu wa miyezi iwiri linadziwa bwanji kuti mwalowa mabakiteriya pamene silinakumanepo nawo chibadwire, komanso kuti kutentha kuja kunachokera kuti.

Chitetezo chimene timabadwa nacho sichidziwa kachilombo kalikonse ndi dzina lake, koma chimazindikira khoma lake. Pafupifupi mabakiteriya onse amakutidwa ndi khoma lopangidwa ndi zinthu zimene maselo a munthu alibe n'komwe, ndipo sangalitaye chifukwa popanda ilo amaphulika. Zili ngati munthu amene wagula kapenta ku Soweto Market: simufunika kutsegula chikwama chake, fungo lokha lakuuzani kale.

Mabakiteriya ena, monga oyambitsa tayifodi, ali ndi chinthu chotchedwa LPS kunja kwa khoma lawo. Kachidutswa kake kakangolowa m'magazi, puloteni ina yotchedwa LBP imakatola n'kukapereka kwa puloteni inzake yotchedwa CD14, imene nayonso imakapatsira kwa mlonda wotchedwa TLR4 ndi mnzake MD-2, omwe amakhala pamwamba pa maselo oyera olondera thupi. Apa m'pamene selo limakuwa, titero kunena kwake, potulutsa timankhwala totchedwa cytokines. Timeneti timaitana maselo ena kuti athamangire pamalopo, ndipo uthenga wake ukafika ku ubongo, ubongowo umakweza kutentha kwa thupi mwadala. Amene anasonyeza kuti TLR4 ndiye mlonda wa LPS ndi Bruce Beutler mu 1998, ndipo mu 2011 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Jules Hoffmann, amene anatulukira ntchito ya alonda a mtundu umenewu pofufuza tintchentche ta pazipatso. Ine zimandidabwitsabe kuti ntchentche ndi munthu amalondera pakhomo m'njira yofanana.

Palinso alonda ena m'kati mwa selo, NOD1 ndi NOD2, amene amamva zidutswa za khoma zikalowa. Ndipo m'misozi, m'malovu ndi mu mkaka wa m'mawere muli puloteni yotchedwa lysozyme, imene imaswa khomalo, n'chifukwa chake ndikupempha kuti mlamu apitirize kuyamwitsa.

Koma ndisakunamizeni kuti kukuwa kumeneku n'kwabwino nthawi zonse. Mabakiteriya akachuluka m'magazi, maselo amakuwa onse pakamodzi, mitsempha imatakasuka, magazi sayendanso ndi mphamvu, ndipo ziwalo zimayamba kulephera. Madokotala amati sepsis, ndipo kwa khanda imafulumira kwambiri. Munachita bwino kuthamangira naye kuchipatala usiku womwewo, pakuti mwana wosakwana miyezi itatu akatentha kufika madigiri 38 sitidikira kuti kuche. Mankhwala amene anamulembera amalize onse ngakhale aoneke kuti wachira, ndipo akayamba kukana bere, kupuma mofulumira kapena kugona mosadzutsika, mubwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndibwera Loweruka kudzamuona.