Masheya a Home Depot: musagule chifukwa cha nkhani ya 1981

Achimwene ena a ku Leeds anditumizira imelo kufunsa ngati angagule masheya a Home Depot, kampani ya ku America ya masitolo ogulitsa zipangizo zomangira ndi kukonzera nyumba, poti anawerenga kuti amene anagula mu 1981 lero ndi mpondamatiki. Nkhani ya 1981 imeneyi yapusitsa anthu ambiri, ndipo imandinyansa.

Ndi zoona kuti kampaniyi, yomwe Bernie Marcus ndi Arthur Blank anaiyambitsa ku Atlanta mu 1978, inalowa pamsika wa masheya mu 1981 sheya imodzi ili pa madola 12. Koma nthawiyo masitolo ake anali owerengeka pa zala. Lero aposa 2,300 ku America, Canada ndi Mexico. Malo oti ikulirenso chotere ali kuti, achimwene? Ndipo onena za 1981 satchula zaka zimene Robert Nardelli anali mkulu wa kampaniyi, kuyambira 2000 mpaka kumayambiriro kwa 2007, pamene phindu linkakwera koma mtengo wa sheya osasuntha. Bamboyo anachoka ndi madola 210 miliyoni m'thumba, eni masheya akungoyang'ana. Pofika Malichi 2009 sheya inali pansi pa madola 20.

Chimene chimayendetsa sheya imeneyi ndi kugulana nyumba ku America. Banja likasamuka limasintha khitchini, matailosi, denga, mawindo, ndipo ntchito zikuluzikulu zotere ambiri amagwira ndi ngongole. Mu 2021 chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba ya zaka 30 chinali pafupi ndi 3 peresenti, anthu ali pakhomo chifukwa cha Covid, aliyense akukhoma kanthu, sheya n'kudutsa madola 400 kumapeto kwa chakacho. Federal Reserve, banki yaikulu ya America, itayamba kukweza chiwongoladzanja mu Malichi 2022, ngongole ya nyumba inakafika pafupi ndi 8 peresenti mu Okutobala 2023. Munthu wa ngongole ya 3 peresenti angagulitse nyumba kuti akatenge ya 7? Amakhala phee, n'kugula chitini cha penti ndi bulashi, khitchini n'kuisiya momwemo. Sitolo imadzaza ndithu, koma ngolo zili zopepuka.

N'chifukwa chake ndimakana kuti muzidalira ndalama zonse zimene kampani yagulitsa. M'chaka chake cha 2023 zinali madola 152.7 biliyoni, mu 2024 zinafika 159.5 biliyoni. Wina n'kuomba m'manja. Chonsecho mu 2024 inagula SRS Distribution, yogulitsa zofolera ndi zipangizo zina kwa makontilakitala, pa madola 18.25 biliyoni, ndipo chakacho chinali ndi sabata imodzi yowonjezera. Malonda a masitolo omwe analipo kale anatsika ndi 3.2 peresenti mu 2023, n'kutsikanso ndi 1.8 mu 2024. Kugula SRS kunabweretsa ngongole, kampani n'kusiya kaye kudzigulira masheya ake, chomwe kwa zaka zambiri chinkachepetsa masheya pamsika n'kukwezera phindu la sheya imodzi. Sindikuti anapusa. Kontilakitala amabwera sabata iliyonse, mwini nyumba kamodzikamodzi. Koma kukula kogula ndi ngongole ndi kwina, kukula kwa makasitomala ndi kwina.

Mukagulabe

Pamsika wa masheya wa New York Stock Exchange, Home Depot imalembedwa HD. Zotsatira za malonda ake zimatuluka mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala. Muziyang'ana malonda a masitolo akale n'kuyerekeza ndi a Lowe's, kampani yopikisana nayo. Mu 2025 dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imapereka kwa eni masheya, inali madola 2.30 pa sheya imodzi pa miyezi itatu iliyonse, kutanthauza 9.20 pachaka. Lembani fomu ya msonkho ya W-8BEN musanagule kuti America izidula msonkho wa 15 peresenti pa dividendi m'malo mwa 30, popeza mukukhala ku Britain. Muonenso zimene app yanu imadula posintha mapaundi kukhala madola, pogula ndi pogulitsa pomwe. Ndalama ya sukulu fizi ya chaka chamawa musaiponye mmenemo.