Mafunso a owerenga: Kodi okapi timamutchula bwanji?

Funso: Zikomo akonzi. Ana a m'kalasi mwanga aona chithunzi cha nyama yosungidwa ku zuu yotchedwa okapi. Ena akuti "okeyipi", ena "okhapi". Katchulidwe koyenera ndi kati, nanga ndi nyama yanji? — Mphunzitsi, Area 25, Lilongwe

Yankho: Aphunzitsi, auzeni anawo aliwerenge monga amawerengera Chichewa. Maphatikizo ndi atatu, o-ka-pi, ndipo liwu likokedwe pang'ono pa "ka", monga timachitira ndi "chipata". "Okeyipi" ndi kulakwitsa basi. Kumabwera chifukwa mwana wazolowera kuti "a" wa Chingerezi amamveka "eyi", pomwe dzinali si la Chingerezi: linachokera kwa anthu a m'nkhalango ya Ituri ku Congo.

Wonena kuti "okhapi" musamudzudzule. Angerezi amatulutsa kampweya potchula "k" woyamba phatikizo lotsindikidwa, ndiye khutu la Mchewa, lomwe limasiyanitsa "kala" ndi "khala", limamvadi "kh". Anzathu a ku Congo olankhula Chifalansa, amene ambiri ali ku Dzaleka, amatsindika kumapeto, pa "pi". Mudzamva choncho akamatchula wayilesi ya kwawo ya Radio Okapi. Zonsezi n'zovomerezeka, koma m'kalasi gwiritsani chimodzi. Chenjeraninso ndi "o" woyambayo: si wa ulemu kapena wochulukitsa, choncho palibe "kapi" mmodzi.

Mizere ya m'miyendo ndi kumbuyo imanamiza anthu kuti ndi mbidzi, koma m'bale wake weniweni ndi kadyamsonga. Yamphongo ili ndi tinyanga tokutidwa ndi chikopa, ndipo lilime lake ndi lalitali moti imadzinyambita m'maso. Kutchire imapezeka ku Congo (DRC) kokha, ndiye musalonjeze ana kuti akaiona ku Lilongwe Wildlife Centre. Kumeneko amasamalira nyama zopulumutsidwa monga anyani ndi apusi.

Dzina lake la sayansi, Okapia johnstoni, limatikhudza ife kuno. Linaperekedwa mu 1901 polemekeza Harry Johnston, amene anatumiza zidutswa za chikopa chake ku London akugwira ntchito ku Uganda. Ndi Johnston yemweyo amene anayamba kulamulira dziko lino m'malo mwa Britain mu 1891, mwini dzina la Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi. Liwu lachiwirilo muziti "jonistoni".