Mafunso Anu pa Zaumoyo: Katemera wa tayifodi, magazi ndi anthu a kafukufuku

Makalata a mwezi uno akukhudza katemera ndi kafukufuku wa zachipatala, ndipo tasankhapo atatu.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna, amene tsopano ali ndi zaka 10, analandira katemera wa tayifodi kusukulu mu 2023. Mwezi wathawu anatentha thupi, mutu ndi m'mimba zikumupweteka, ndipo pa chipatala china cholipira atamuyeza magazi anandiuza pasanathe ola limodzi kuti ndi tayifodi. Nanga katemera uja anali wa ntchito yanji? Kodi sanatinamize?
Mayi wa ana atatu, Ndirande

YANKHO: Pepani ndi matenda a mwanayo, mayi, ndipo tikhulupirira kuti pano wapeza bwino. Funso lanu lafika pamalo pake, chifukwa katemera amene mukukayikayu anayesedwa kwanu komweko. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, oyambira miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku amene bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linachita mogwirizana ndi yunivesite ya Maryland ya ku America, ndipo kameneka kanali koyamba kuti katemera wa mtundu umenewu ayesedwe mu Africa. Theka la anawo analandira katemera wa tayifodi wopangidwa ndi kampani ya Bharat Biotech ya ku India, pamene theka linalo analandira katemera wa matenda oumitsa khosi. Anawagawa mwa mayere, kotero kuti makolo ngakhalenso anamwino amene ankaona ana odwala sankadziwa kuti mwana uyu wabayidwa katemera uti. Anachita dala zimenezi kuti pasapezeke wokondera powerenga odwala.

Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2021. Pa gulu la katemera wa tayifodi, ana 12 anapezeka ndi matendawa, pamene pa gulu linalo anapezeka 62. Atawatsatira kwa zaka zoposa zinayi, odwala anali 24 mbali ino ndi 110 mbali inayo, zimene zikutanthauza kuti mwa ana asanu alionse amene akanadwala tayifodi, pafupifupi anayi anapulumuka chifukwa cha jakisoni mmodzi yekha. Taonani kuti ana 24 aja anadwalabe ngakhale anali atabayidwa, ndipo ochita kafukufukuwo sanabise chiwerengero chimenechi. Choncho n'zotheka ndithu kuti mwana wanu ndi mmodzi mwa ochepa otere.

Komabe pali china chimene chikutikayikitsa kwambiri, ndicho changu chimene yankho linatulukira. Kuyeza kumene kumatha pa mphindi zochepa kawirikawiri kumakhala kwa Widal, ndipo njira imeneyi siona kachilombo ka tayifodi kenikeni ayi, imangoona zizindikiro za chitetezo zimene zili m'magazi. Munthu amene anakulira m'dera limene tayifodi ndi wofala angathe kukhala ndi zizindikirozi asakudwala, ndipo malungo ndi matenda ena otenthetsa thupi nawonso amatha kusokoneza zotsatira zake. Njira yodalirika ndi yoika magazi m'botolo lapadera n'kuwasunga pamalo otentherako kwa masiku angapo, kuti ngati muli kachilombo kaswane n'kuoneka, ndipo ndi imene inagwiritsidwa ntchito powerenga ana odwala m'kafukufuku uja. Ife tikuona kuti anthu ambiri amene amauzidwa kuti ali ndi tayifodi pa Widal yekha amamwa mankhwala pachabe, matenda enieni atatsala osadziwika. Mwana akadzatenthanso thupi kwa masiku atatu kapena kuposerapo, malungo osapezeka, mudzafunse ngati n'kotheka kuyeza magazi mwa njira ya m'botoloyi, ndipo mudzatenge buku lake la kuchipatala kuti adokotala aone kuti analandira katemera.

Tinenenso mmene katemerayu amagwirira ntchito. Kachilombo ka tayifodi, kamene dzina lake ndi Salmonella Typhi, kali ndi chikuto chimene chimakabisa kwa asilikali a m'thupi. Katemerayu mulibe kachilombo kamoyo, muli kachidutswa ka chikuto chija basi, ndiye zili ngati kumuonetsa mlonda jekete la mbala kuti usiku ikabwera aizindikire msanga. Katemera wakale wa chikuto chomwechi sankathandiza ana osakwana zaka ziwiri, koma watsopanoyu anamulumikiza ndi puloteni ina imene imadzutsa chitetezo ngakhale cha khanda la miyezi 9, n'chifukwa chake masiku ano amaperekedwa kusikelo pa msinkhu umenewu.

FUNSO: Anthu a kafukufuku anabwera pa chipatala cha kwathu kuno ndipo apempha kuti mdzukulu wanga alowe nawo, akuti azimutenga magazi nthawi ndi nthawi. Mayi ake avomera koma ine mtima wanga sukukhazikika. Magazi amenewa amapita nawo kuti? Bwanji azungu osayesera zinthu zawozo pa ana a kwawo?
Gogo wodandaula, Chikwawa

YANKHO: Agogo, nkhawa yanu si yachilendo ndipo sitikuipeputsa, poti tonse tikukumbukira mphekesera za opopa magazi zimene zinagwedeza maboma a Mulanje ndi Phalombe mu 2017 mpaka anthu osalakwa kutaya miyoyo. Magazi ndi chinthu chimene munthu ayenera kufunsa bwino asanachipereke.

Chitetezo cha m'thupi sichioneka ndi maso, ndipo mwana wotetezeka ndi wosatetezeka amasewera mpira mofanana. Njira yodziwira ngati thupi layankha katemera ndi kuyerekeza magazi amene atengedwa asanabayidwe ndi amene atengedwa patapita milungu ingapo, kenaka patapita miyezi kapena zaka, kuti aone ngati chitetezo chakwera ndiponso ngati chikukhalitsa. Magazi ake amakhala ochepa, kawirikawiri okwana supuni yaing'ono ya tiyi imodzi kapena ziwiri, pamene munthu wamkulu wopereka magazi kuti athandize odwala amapereka pafupifupi theka la lita n'kubwerera kwawo wapansi. Magazi ena a kafukufuku amayezedwa konkuno, ndipo ngati pali ofunika kutumizidwa kunja chifukwa chakuti makina ake kuno kulibe, pamafunika chilolezo cholembedwa, komanso mwini wake ayenera kuuzidwa asanavomere.

Pa nkhani ya kuyesera ana a kwawo, katemera wa tayifodi amene tafotokoza pamwambapa anali atagwiritsidwa kale ntchito ku India, ndiponso anayesedwa ku Oxford, ku England, kumene akuluakulu odzipereka anabayidwa katemera kenaka n'kumwa dala madzi okhala ndi kachilombo, madokotala akuwayang'anira. Koma ku England ana sadwala tayifodi monga a ku Blantyre, ndiye funso lakuti katemerayu angateteze mwana wa kuno, amene amamwa madzi a kuno ndi kudwaladwala malungo, silikanayankhidwa kwina kulikonse. Ndipo vuto linali lathu. Pa chipatala cha Gulupu, odwala tayifodi otsimikizika anali pafupifupi 14 pa chaka pakati pa 1998 ndi 2010, koma mu 2014 anafika 782, ndipo pafupifupi onsewo anali ndi kachilombo kosamva mankhwala amene tinazolowera monga bakitirimu ndi kololamfeniko. Zotsatira za ku Ndirande ndi Zingwangwa ndi zimene zinathandiza boma kuganiza zopereka katemerayu kwa ana a dziko lonse mu Meyi 2023.

Izi sizikutanthauza kuti muvomere aliyense wobwera ndi galimoto loyera ndi mapepala. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'dziko muno ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga COMREC ya ku yunivesite ya Kamuzu ya zaumoyo kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo ngati akuyesa mankhwala kapena katemera, bungwe loona za mankhwala la PMRA liyeneranso kuvomereza. Pemphani kalata ya chilolezo imene mayi a mwanayo anasayina kapena kudinda chala, poti anayenera kupatsidwa yawo yosunga kunyumba, yolembedwa m'chinenero chimene amamva. M'kalatamo muyenera kupezamo cholinga cha kafukufukuyo, kuchuluka kwa magazi, maulendo amene adzatengedwe, kumene akasungidwe, zovuta zimene zingachitike, ndi nambala ya foni ya komiti imene mungadandauleko. Ngati mayiwo sadziwa kuwerenga, panayenera kukhala mboni yosakhala wantchito wa kafukufukuyo. Ndalama imene amapereka ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi imene munthu wataya, si mtengo wa magazi. Koposa zonse, banja lili ndi ufulu wokana kapena kutuluka tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, ndipo mwanayo adzalandirabe chithandizo pa chipatalapo monga mwa nthawi zonse. Tikukulangizani kuti pa ulendo wotsatira mupite nawo limodzi, mukafunse nokha mafunso amene mwatifunsawa, ndipo ngati akuzemba kuyankha kapena akukufulumizitsani, chimenecho chokha n'chifukwa chokwanira chokanira.

FUNSO: Ana anga onse analandira katemera wa tayifodi. Kodi n'kofunikabe kuthira mankhwala m'madzi akumwa, poti ndalama zikuvuta?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: N'kofunikabe, bambo. Katemerayu amateteza ku tayifodi yekha, ndipo monga taonera, sateteza ana onse. Madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu zimanyamulanso kolera, kamwazi ndi matenda a chiwindi, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumbukiraninso kuti inu ndi mayi a kunyumba simunabayidwe, popeza katemera wa 2023 anali wa ana osakwana zaka 15, komanso kuti munthu amene anachira tayifodi angathe kusunga kachilomboka m'ndulu kwa nthawi yaitali n'kumapatsira ena pophika iye osadziwa. Ngati ndalama yogulira mankhwala a m'madzi palibe, funsani kolorini kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena wiritsani madziwo mpaka abwate, muwasunge m'ndowa yovundikira yokhala ndi kapu yakeyake yotungira, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi ndiponso asanagwire chakudya.